Mawaya a pakati pa gitala ndi mikisa

Gitala ya lidi ikamalira bwino pa ukwati kapena m'tchalitchi, anthu amatama zala za woimba, ndipo salakwitsa. Koma gawo lalikulu la kukoma kumeneko limakonzedwa holo ikadali yopanda anthu, woimba gitala ndi mnyamata wa pa mikisa atagwada pansi, mawaya ali m'manja, akulumikiza kabokosi ka ma effects ku mikisa. Ntchito imeneyi ine ndimailemekeza kwambiri, chifukwa ikagwiridwa bwino palibe amene amazindikira kuti yagwiridwa.

Kale njira inali imodzi: gitala ku ampu, maikolofoni ngati Shure SM57 kutsogolo kwa sipika, basi. Mu 1989 kampani ya Tech 21 ku New York inatulutsa SansAmp, kabokosi kotsanzira kaliridwe ka ampu, ndipo mu 1998 Line 6 inabweretsa POD yofiira ija. Lero kabokosi ngati Boss GT, Zoom kapena Helix kamalowa m'chikwama chimodzi. Bandi yoyenda pa minibasi, yomwe malo a ng'oma okha ndi mkangano ndi kondakitala, imadziwa phindu losiya chiampu cholemera kunyumba. Komatu kusiya ampu kumatanthauza kuti zonse zimene ampuyo ankachita mwakachetechete tsopano zili m'manja mwa munthu.

Katswiri amayamba ndi funso limene ongoyamba kumene saliganizira n'komwe: kodi kabokosika kakudziwa kumene mawu ake akupita? Sipika ya ampu ya gitala, kawirikawiri ya mainchesi 12, simatulutsa bwino mawu opitirira pafupifupi 5,000 Hz. Kulephera kumeneko ndi kumene kumasalaza distortion n'kuipatsa thupi. Masipika a PA ndi ena: ali ndi tweeter, ndipo amatulutsa chilichonse osabisa. Mukatumiza distortion kumeneko osayatsa cab sim, gawo lotsanzira sipika ya ampu, gitala imalira ngati mavu otsekeredwa m'chitini. Choncho wodziwa ntchito, asanakhudze waya uliwonse, amatsegula kaye mndandanda wa output. Pa Boss GT amasankha LINE/PHONES. Ndi batani limodzi lokha, koma ambiri amatha madzulo onse akupotokola EQ pa mikisa kufunafuna chimene bataniro likanawapatsa.

Kenako waya. Waya wamba wa gitala, wa jack, uli ndi njira imodzi yonyamula mawu ndi chophimba chake, ndipo ukapitirira mamita 5 kapena 6 umayamba kutola phokoso la magetsi. Mikisa nthawi zambiri imakhala kumbuyo kwa holo. Ngati kabokosi kali ndi potulukira pa XLR, nkhani yatha. Ngati palibe, pakati amaikapo DI box, chipangizo chimene akatswiri ngati Ed Wolfrum anayamba kupanga m'masitudiyo a ku Detroit m'zaka za m'ma 1960. Nzeru ya waya wa XLR imandisangalatsa nthawi zonse. XLR ili ndi mapini atatu: yoyamba ndi ya earth, yachiwiri ndi yachitatu zimanyamula mawu omwewo, koma ina itawatembenuza. Phokoso la m'njira limalowa mofanana m'mawaya onse awiri. Pa mikisa, mbali yotembenuzidwa ija imabwezedwa, mawu a gitala amaphatikizana, phokosolo n'kudzifafaniza lokha. Waya ukhoza kuyenda mamita 50 mawu n'kufika ali oyera.

Nthawi zina kung'ung'udza kumatsalabe, kuja kwa pansipansi kosalekeza kochokera ku magetsi athu a 50 Hz. Kumabwera kabokosi ndi mikisa zikamatenga moto m'masoketi osiyana, earth n'kupeza njira ziwiri. Apa m'pamene mumasiyanitsa mmisiri ndi wongoyerekeza. Wongoyerekeza amathyola pini ya earth pa pulagi, phokoso n'kutha, koma waika moyo wa woimba pachiswe, popeza zingwe za gitala ndi zachitsulo ndipo milomo yake ili pa maikolofoni. Mmisiri amakanikiza ground lift pa DI box, yomwe imadula earth ya waya wa mawu okha, ya magetsi n'kuisiya mmene ilili. DI ya transformer ili ndi ubwino winanso: imatchinga phantom power ya 48 volts kuti isabwerere ku kabokosi.

Gawo limene ndimakonda kuonerera ndi loyeza mphamvu ya mawu. Wa pa mikisa amatsitsa fader, gain n'kuibweza kumayambiriro, n'kukanikiza PFL kuti aone mawu pa timagetsi asanapite ku masipika. Ndiye amakuwa: "Achimwene, taimbani ngati mwafika pa solo, osanyengerera!" Amadziwa kuti poyeserera munthu amakanda pang'onopang'ono, koma anthu akadzuka kuvina dzanja limalemera. Amakweza gain mpaka timagetsi tobiriwira tidzaze, tachikasu tizingophethira, tofiira ayi. Mawu akachuluka gain ili pansi kale, amakanikiza pad.

Woimba naye ali ndi mbali yake, ndipo ndi yofuna kuleza mtima. Amadutsa patch iliyonse, ya clean, ya chorus, ya distortion, kuzilinganiza kuti ina isadumphe pamwamba pa inzake, ya solo yokha n'kuikweza pang'ono. Ntchito imeneyi imafuna khutu, pakuti distortion imamveka yamphamvu ngakhale timagetsi tikuonetsa chimodzimodzi. Reverb imene inkakoma m'mahedifoni kunyumba amaichepetsa, chifukwa tchalitchi cha malata ndi simenti chili kale ndi yake. Delay saichotsa, makamaka pa magitala a rumba ndi sungura amene kuthwanima kwawo kumadalira iyo, koma amaiponda ndi tap tempo kuti iyende ndi woimba ng'oma. Ndipo ngakhale kabokosi kali ndi stereo, nthawi zambiri amatenga waya umodzi pa L/MONO, poganizira gogo amene wakhala pafupi ndi sipika imodzi yokha.

Pa mikisa chotsala ndi chochepa. Chingwe chachikulu cha gitala chimalira pa 82 Hz, choncho low cut ya pakati pa 80 ndi 100 Hz imachotsa matope n'kusiyira bass malo ake. Aux imatumiza gitala ku monitor, chifukwa wopanda ampu kumbuyo kwake samadzimva, ndipo wosadzimva amakweza voliyumu pa kabokosi n'kuwononga zonse zimene anagwirizana.

Zonsezi sizichitika m'mphindi zisanu mkwatibwi ali pakhomo. Inu a komiti ya ukwati, akuluakulu a mpingo ndi okonza zoimbaimba, tsegulani holo msanga, jenereta ikhale italira kale, ndipo apatseni anyamatawa ola lathunthu la sound check alendo asanafike.