Buku la Rebmann Monga Nkhokwe ya Mawu

M'zaka za 1853 ndi 1854, mmishoni wa ku Germany, Johannes Rebmann, ali ku Kisulutini pafupi ndi Mombasa, adalemba mawu ochokera pakamwa pa Salimini, kapolo amene adagwidwa kuno kwathu zaka ngati khumi m'mbuyomo. Ntchitoyo idasindikizidwa mu 1877 ndi dzina lakuti Dictionary of the Kiniassa Language. Pano sitikuliyesa bukuli monga mtanthauziramawu ayi, koma monga nkhokwe ya zimene wofufuza adatola.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti Rebmann sadabise gwero la mawuwo. Adatchula amene adamuuza, kwawo kwa munthuyo ku Mphande, ndiponso kusiyana kumene Salimini mwini adakuona pakati pa kayankhulidwe ka kumtunda ndi ka Amaravi: mtengo umene iye ankautcha kamphoni, iwo ankauti mombo. Chifukwa cha zimenezi, wofufuza wa lero angathe kulifunsa bukuli mafunso amene Rebmann sadawaganizeko.

Zofooka zilipo. Mawu onsewo ndi a munthu mmodzi, ndipo aŵiriwo ankamvana kudzera m'Chiswahili, monga "Ki-" wa pa dzina la bukuli akuchitira umboni. Choopsa koposa ndi chakuti zolembazo zidakhala zaka zoposa 20 zosasindikizidwa, mwini wake nachita khungu, namwalira mu 1876. Pakadapanda Ludwig Krapf, amene adazikonza ndi kuzitulutsa, bwenzi mawu a Salimini tisakuwadziŵa.

Vutoli tidakali nalo. Ofufuza ambiri timasunga matepi ndi makope athu m'makatoni kunyumba, kumene chiswe ndi chinyontho sizichita manyazi. Zambiri sizinena kuti woyankhula ndani, ngwakuti, adajambulidwa liti. Kompyuta payokha si mankhwala, pakuti makina amasintha, fayilo nikana kutseguka. Ngakhale kusunga pamalo amodzi sikukwanira: moto wa mu 1919 ku Zomba udapsereza zolemba zambiri za boma.

Motero tikuti chotoledwa chilichonse chikhale ndi mbiri yake, chisungidwe m'malo aŵiri kapena atatu otalikirana, ndipo pakhale wochisamutsira ku makina atsopano nthaŵi isanathe. Kwa okonza ndondomeko za ziyankhulo tikuwonjeza ichi: buku la sukulu lingathe kusankha mombo n'kusiya kamphoni, koma nkhokwe iyenera kusunga mawu onse aŵiri monga adayankhulidwira. Amene adzafune kuunikanso chisankho chathucho adzayambira pamenepo.