Mwendo wophunzira pa fumbi

Pa mabwalo a fumbi a ku Kawale ndi Biwi mpira sugudubuzika mwaulemu. Umadumpha pa mwala, umakhota pa dzenje, ndipo mwana wothamangitsa chikulunga opanda nsapato amaphunzira kuuziziritsa msanga anzake asanamulande. Lusoli sililembedwa m'buku, koma ine ndimaliyesa sukulu yeniyeni.

Chitsanzo chabwino ndi Tabitha Chawinga, yemwe anabadwira ku Rumphi mu 1996, n'kukula akusewera ndi anyamata, pa nthawi imene mtsikana wokankha chikopa ankamunena kuti ndi wosamva. Atafika ku Lilongwe, timu ya DD Sunshine inamunola. Mu 2014 anapita ku Sweden. Kumeneko, mu 2017, anamwetsa zigoli 26 atavala malaya a Kvarnsveden, kuposa wina aliyense mu ligi yaikulu ya dzikolo, chikhalirecho timu yakeyo inatuluka mu ligi chaka chomwecho. Tangoganizani!

Ambiri amatama liwiro lake. Chimene chimandigwira mtima ine ndi momwe amaimitsira mpira akuthamanga, n'kuutchinga ndi thupi wotseka kumbuyo akumukankha. Kuchoka ku Sweden anadzera ku China ndi Inter Milan, ndipo mu 2024 anasaina ku Lyon.