Chishango Chizisweka

Chimene chimanditopetsa pa matebulo a Dungeons & Dragons ndi chishango choiwalidwa ndi mwini wake. Wosewera amachigula poyamba, n'kusintha nambala imodzi papepala lake, basi. Nkhondo zonse zotsatira sachitchulanso.

Matendawa ndi akale. Gary Gygax ndi Dave Arneson atatulutsa masewerawa mu 1974, chishango chinkasintha Armor Class, nambala yosonyeza kuvuta kwa kukumenya, ndi pointi imodzi yokha. Pa dayisi ya mbali 20, ndiye kuti mdani akaponya lupanga ka 20, chishango chimakupulumutsa kamodzi. Kamodzi! Malamulo a mu 2014 anachikweza kufika pa mapointi 2, koma chikadali nambala yogona tulo papepala.

N'chifukwa chake magulu ambiri amadzipangira malamulo awoawo. Ambiri amangolemba ndandanda: chaching'ono pointi 1, chachikulu 3, chachitsulo mwakutimwakuti. Imeneyo ndi ntchito ya kalaliki. Masewera ena, RuneQuest ya mu 1978, anayesako bwino, poti wotchinga naye amaponya dayisi, ndipo Steve Perrin amene anatsogolera poilemba ankadziwa kumenyana atavala zida m'bungwe la Society for Creative Anachronism. Koma nkhonya iliyonse kufuna madayisi awiriatatu, nkhondo ya anthu asanu imadya madzulo onse.

Lamulo limene ndimaliikira kumbuyo ndi lija linafalikira kuchokera mu 2008, lotchedwa Shields Shall Be Splintered. Ndi lalifupi zedi: mdani akakupeza, ukhoza kunena kuti nkhwangwa yake yagwera pa chishango. Iwe suvulala, koma chishangocho chasweka, uchitaye.

Taonani zimene kalamulo kameneka kamachita. M'malamulo a mu 1974 chida chilichonse chinkavulaza ndi dayisi imodzi ya mbali 6, ndipo msilikali wongoyamba kumene moyo wake unkachokeranso pa dayisi imodzi yomweyo, kuwonjezerapo 1. Kumenyedwa kamodzi kunali kokwana kumuika m'manda. Tsopano woyendetsa masewera akuti, "Wakupeza." Tebulo lonse lacheukira kwa mwini chishango. Achipereke pano, adani atatu akadali chilili ndipo iye atsale pambalambanda? Kapena alimbe mtima, mwina dayisi igwera pa 1? Apa ndiye pali masewera. Wosewera wasankha yekha, ndipo woyendetsa wapeza chofotokoza: matabwa kuthetheka, mkono kuchita dzanzi. Ine ndimaumirira kuti asankhe dayisi ya bala isanaponyedwe. Akaona kaye nambala, mantha onse atha, kwatsala masamu.

Odandaula amati lamuloli n'lachibwana, chishango sichisweka chisawawa. Awerenge za holmgang, ndewu ya anthu awiri ya ku Iceland ndi Norway wakale. Mu Kormáks saga munthu aliyense ankaloledwa zishango zitatu, ndipo ankazifuna zonse, chifukwa zinali za matabwa opyapyala.

Dandaulo lomveka ndi lina: wochenjera adzagula zishango khumi n'kusenzetsa bulu. Msiyeni agule! Buluyo amafuna chakudya, amalira pamene gulu likufuna kuzemba, ndipo salowa m'phanga lopapatiza. M'malamulo a mu 2014 kumanga chishango pamkono kumadya action yathunthu, choncho wothamangira kwa bulu wake pakati pa nkhondo wapatsa adani mpata womumenya ulere. Woyendetsa amene akuopabe angotengera a ku Iceland aja: zitatu pa ulendo umodzi, chachinayi akagule akabwerera kumudzi.