Kusanduka kapena Kusinthika? Kuunika Mawu Ofotokozera Sayansi ya Zamoyo

Msika wa pa Chezi, m'boma la Dowa, uli m'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima. Chakumpoto kuli mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndipo chakum'mawa msewuwo umatsika mpaka kunyanja. Mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo m'dera limeneli sasowa zitsanzo, pakuti nkhalango, dambo, chulu ndi nyanja zili pafupi. Chimene amasowa ndi mawu. Phunziroli limaperekedwa m'Chingerezi, koma mwana akalephera kumva, mphunzitsi amatembenukira ku Chichewa, ndipo mawu amene wawatola mofulumirawo ndi amene mwana amapita nawo kwawo. Nkhani ino ikuunika mawu amene amamveka kawirikawiri m'makalasi, pa wailesi ndi m'timabuku pomasulira ecosystem, natural selection ndi evolution.

1. Chilengedwe

Mawu akuti ecosystem anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zolembedwa mu 1935 ndi katswiri wa zomera wa ku Britain, Arthur Tansley. Iye ankanena za zamoyo zonse za pamalo amodzi, pamodzi ndi nthaka, madzi, mpweya ndi dzuwa, monga chinthu chimodzi cholumikizana. Omasulira ambiri amangoti "chilengedwe". Mawuwa ndi abwino, koma alemedwa katundu: amaimira dziko lonse ndi zonse zili m'menemo, amaimira khalidwe lobadwa nalo, ndipo amaimiranso mitengo ndi nyama zofunika kuzisamala. Mwana wouzidwa kuti dambo ndi chilengedwe, nkhalango ndi chilengedwe chinanso, sangaone chimene chikusiyanitsa ziwirizi.

Mapiri a kuderali akuonetsa chimene chikusowa. M'nthiti mwa phiri la Ntchisi muli mitengo ya mombo imene imayoyola masamba m'chilimwe ndi ya misuku, pamene pamwamba pake pali msitu wobiriwira chaka chonse mmene mumakhala anchima. Bowa wa manyame amamera pansi pa mitengo ya mombo chifukwa ulusi wake umakulunga mizu ya mitengoyo: mtengo umapatsa bowa shuga, bowa n'kumathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi michere ya m'nthaka. Bowa wa utale amamera pa chulu chifukwa chiswe ndicho chimamulima m'kati mwa chulumo. Anyani ndi apusi amadya masuku n'kumwaza njere zake. Wotentha makala akagwetsa mitengo, manyame amasowa, nthaka imakokoloka, ndipo mtsinje wa kumunsi umadzaza mchenga.

Ena amati "kudalirana kwa zamoyo". Msintho wochitirana wa m'mawuwa wagwira ntchito yake bwino, koma kudalirana kumamveka ngati ubale wa mtendere, pamene kuthengo kulinso kudyana ndi kulimbirana. Mawuwa asiyanso kunja nthaka ndi madzi. "Kulumikizana kwa zamoyo ndi malo ake" ndi kotalika, komabe sikunamiza mwana. Ofuna dzina lalifupi aliumbe kuchokera pamenepo.

2. Kusankha kwa chilengedwe

Ganizo la natural selection linaperekedwa poyera mu 1858 ndi Charles Darwin pamodzi ndi Alfred Russel Wallace, ndipo Darwin analifotokoza mokwanira m'buku lake la On the Origin of Species mu 1859. Mfundo zake ndi zinayi. Zamoyo za mtundu umodzi zimasiyana. Kusiyana kwina kumapita kwa ana. Zobadwa zimachuluka kuposa zimene malo angasunge. Motero zimene kapangidwe kake kakugwirizana ndi malowo zimasiya ana ambiri, ndipo pakapita mibadwo kapangidwe kameneko kamafala.

Darwin anatenga fanizo lake kwa alimi ndi oweta. Mlimi wa ku Dowa akamapatula zitsononkho zazikulu za chimanga cha makolo kuti zidzakhale mbewu, amasankhadi, popeza ali ndi maso ndi cholinga. Koma kuthengo kulibe wopatula. Darwin mwiniwake anaona kuti ena akumva mawu ake ngati akunena za wosankha wokhala ndi maganizo. M'Chichewa vutoli limakula, chifukwa "kusankha" kumafuna mchitantchito, ndipo "kusankhidwa" kumadzutsa funso lakuti "ndi yani?"

Malamulo a chiyankhulo ali ndi mankhwala a vuto limeneli. Taonani ziganizo izi:

Mphika waswedwa.
Mphika wasweka.

Choyamba chili mumsintho wochitidwa ndipo chimaloza kwa wina amene waswa. Chachiwiri chili mumsintho wochitika ndipo sichiloza kwa aliyense. Chingerezi chilibe msintho wotere womveka bwino lomwe, choncho womasulira wotsata Chingerezi liwu ndi liwu amataya chida chimene Chichewa chili nacho kale. "Kusefeka kwa zamoyo" kuli pafupi ndi ganizo lenileni: sefa salingalira, amangolola china kudutsa, china n'kutsalira.

3. Kuzolowera ndi kupulumuka kwa amphamvu

Apa kulakwitsa mawu kumakhudza moyo wa anthu. Mankhwala a malungo akasiya kugwira ntchito, anthu amati "thupi lazolowera mankhwala" kapena "tizilombo tazolowera". Zonse ziwiri sizoona. Kuzolowera kumachitika mwa chamoyo chimodzi, monga mlendo amene wazolowera chisanu cha ku Dowa. Chimene chimachitika ndi china: pakati pa tizilombo tambirimbiri pamakhala tochepa tobadwa ndi kapangidwe kotipulumutsa ku mankhwalawo. Tinzake tikafa, timeneti ndito timaswana.

Mbiri ya Malawi ili ndi umboni wodziwika pa dziko lonse. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo n'kutenga Fansidar, chifukwa chloroquine anali atalephera. Ku Blantyre, chizindikiro cha tizilombo topirira chloroquine chinapezeka m'magazi 85 mwa 100 alionse oyezedwa mu 1992, koma pofika mu 2000 chinatsika kufika pa 13. Kafukufuku wina wa mumzinda womwewo, amene anasindikizidwa mu 2006, anapeza kuti chloroquine anachiza ana 99 mwa 100 alionse. Tizilombo sitinaiwale kanthu. Mankhwala atachoka, kapangidwe kotipulumutsa kaja kanasanduka katundu wolemetsa, ndipo tizilombo tosapirira tinayamba kuswana kuposa tinzake. Fansidar nayenso analephera pa chifukwa chomwecho, ndipo mu 2007 dziko linatenga LA.

Nkhani yomweyi ikugwetsa mawu akuti "kupulumuka kwa amphamvu", omasulira survival of the fittest, amene anaumbidwa ndi Herbert Spencer mu 1864. Kachilombo kamene kanapambana mu 1992 ndi komwe kanagonja mu 2000. Mphamvu si nkhani. Nkhani ndi kuyenerana ndi malo ndi nthawi. "Kupulumuka kwa zoyenerana ndi malo" ndiko kolondola. Wodwala wouzidwa kuti thupi lake lazolowera angaganize kuti kumwa mankhwala ochepa ndi nzeru, pamene kusiyiza mankhwala panjira kumapatsa mpata tizilombo topirira.

4. Kusanduka

Pa mawu onse, akuti "kusanduka" ndiwo awononga kwambiri. M'nthano ndi m'nkhani za ufiti munthu amasanduka fisi usiku umodzi. Kusanduka kumagwera chinthu chimodzi ndipo kumachitika mwadzidzidzi. Evolution sichitika mwa chamoyo chimodzi ndipo imatenga mibadwo yambirimbiri. Mwana akamva kuti "nyani anasanduka munthu" amaseka, n'kufunsa chifukwa chake anyani a m'phiri sakusandukabe. Funso lake ndi lanzeru. Olakwa ndi mawu amene wapatsidwa. Asayansi sanena kuti munthu anabadwa kwa nyani wa lero. Amati munthu ndi chimpanzi ali ndi kholo limodzi limene linakhalako zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, monga asuweni sabalana koma amakumana pa agogo. Chibwano cha munthu wakale chimene chinafukulidwa ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndi mbali ya umboni wa mbiri imeneyi.

Wotsika msewu kuchoka pa Chezi kukafika ku Senga Bay amapeza chitsanzo chomveka koposa. Akatswiri amayerekeza kuti m'Nyanja ya Malawi muli mitundu pakati pa 700 ndi 1,000 ya nsomba za banja la chambo, mbuna, utaka ndi ncheni, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Yochuluka inachokera ku makolo amodzi m'zaka pafupifupi miliyoni imodzi. Ina imakanda ndere pamiyala, ina imadya tizilombo toyandama, ina imasaka nsomba zinzake. Palibe utaka umene unadzuka uli mbuna. Magulu anapatukana, lililonse n'kusefeka m'malo ake.

Dzina lakuti "chisinthiko", limene lakhala likuoneka m'zolembedwa zina, laumbidwa bwino. Lili ndi msintho wochitika, ndipo silinena kuti chatsopano chimaposa chakale, monga amachitira mawu akuti "kutukuka kwa zamoyo". Likusowa chinthu chimodzi chokha, nthawi. "Chisinthiko cha zamoyo m'mibadwo" chimatseka mpata umenewo.

Anthu ambiri ali ndi mafunso a chikhulupiriro pa phunziro limeneli, ndipo si ntchito ya woumba mawu kuwayankha. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti wovomera ndi wokana onse akudziwa chimene sayansi ikunena, osati chimene womasulira wanena molakwa.

5. Zoyenera kutsata

Alembi, akonzi ndi aphunzitsi akupemphedwa kusiya "kusanduka" pofotokoza evolution, kusiya "kuzolowera" pofotokoza kupirira mankhwala kwa tizilombo, ndi kupewa msintho wochitidwa pamene palibe mchitantchito. Mawu atsopano asakhazikitsidwe asanayesedwe. Muyeso wake ndi wapafupi: mwana wa pa Chezi auzidwe mawuwo, kenako afunsidwe chifukwa chake manyame amasowa mitengo ikadulidwa, ndi chifukwa chake chloroquine analephera mu 1993. Akayankha molondola m'Chichewa, mawuwo alowe m'mabuku.