Inshuwalansi ya zaumoyo: malamulo athu sanafikebe ku Senga Bay

Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 adapeza kuti amayi 99 mwa 100 aliwonse ndi abambo 98 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 analibe inshuwalansi ya zaumoyo. Chiwerengerochi ambiri amachimasulira kuti Amalawi ndi osauka, kapena kuti poti chipatala cha boma nchaulere, palibe chifukwa cholowera sikimu. Zonsezi nzoona, koma zimabisa mbali ya malamulo.

Lamulo la Financial Services Act la 2010 lidaika mabungwe a zachuma, kuphatikizapo makampani a inshuwalansi, m'manja mwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Maso a ofesiyi ali pa chuma: kampani ili ndi ndalama zokwanira, mabuku ake ali bwino, siigwa mawa. Imeneyo ndi ntchito yofunika. Koma wodwala amafunsa zina. Kodi sikimu ili ndi ufulu womukana chifukwa ali ndi shuga? Ndi matenda ati omwe iyenera kulipira zivute zitani? Nanga shortfall, ndalama yomwe membala amapereka yekha pa kauntala ngakhale ali ndi khadi, ili ndi malire? Ku South Africa, Medical Schemes Act ya 1998 imaletsa sikimu yotsegukira aliyense kukana munthu kaamba ka msinkhu kapena matenda, imatchula matenda omwe sikimu iliyonse iyenera kulipira, ndipo idakhazikitsa Council for Medical Schemes kuti madandaulo azipita kumeneko. Kuno lamulo lotere palibe.

Vutoli limaoneka bwino m'mphepete mwa nyanja ku Salima. Mwini boti la injini ku Senga Bay kapena ku Chipoka amalemba alovi omwe salandira malipiro a pamwezi. Amagawana zomwe chilimira chakola usiku umenewo. Mwezi ukawala usipa umachepa, mwera ukaomba maboti amakhala pagombe. Pachilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo. Miyezi imeneyi ndiyonso ya dzinja, pamene malungo ndi matenda otsegula m'mimba amachuluka, ndipo boma la Salima lidavutika kwambiri ndi mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023. Sikimu yofuna ndalama mwezi ndi mwezi, yoimitsa khadi munthu akadumphitsa, ingamusiye msodzi panja m'nyengo yomwe akuifuna kwambiri. Palibe lamulo lokakamiza kuti pakhale njira yolipira kamodzi nthawi ya nsomba, kapena miyezi yomudikira membala asanachotsedwe.

Mwini loji yaing'ono kapena golosale nayenso lamulo silimuuza kanthu. Employment Act ya 2000 imapatsa wantchito yemwe watha chaka masabata anayi a tchuthi cha matenda pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka, koma siitchula wolipira chithandizo. Nzodabwitsa kuti boma lidakwanitsa kukakamiza penshoni kudzera m'lamulo la 2011, koma pa zachipatala lidasiyira ubwino wa mtima wa bwana. Bwana wa antchito asanu alibenso mphamvu yonenerera mtengo monga ichitira kampani ya anthu mazana.

Izi sizikutanthauza kuti yankho ndi inshuwalansi yokakamiza aliyense. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 wounika ngati Malawi angayambe inshuwalansi ya dziko lonse adaonetsa kuti ndalama zambiri zingachokere kwa olembedwa ntchito, ndipo sizingatseke mpata omwe ulipo pa chuma cha zaumoyo. Kutolera ndalama kwa alovi omwe lero ali ku Salima, mawa asamukira ku Nkhotakota, kungadye zambiri kuposa zotoleredwazo.

Chomwe chikusowa nchaching'ono poyerekeza ndi zimenezo. Ku Kaundu, m'boma loyandikana nalo la Dedza, anthu adayamba thumba la m'mudzi lothandiza kulipira pa chipatala cha CHAM. Mathumba otere akhoza kuyenda kudzera m'makomiti a m'madoko, omwe kale amalemba asodzi ndi zida zawo. Koma thumba la mudzi umodzi limauma msanga mliri ukagwa, chifukwa onse amadwala nthawi imodzi. Likufunika lamulo lonena yemwe angalembetse thumba lotere, wofufuza mabuku ake, ndalama yosungira tsoka, komanso komwe membala angakadandaule msungichuma akasowa nazo. Ofesi ya Registrar payokha siingaweruze ngati mankhwala a likodzo kapena mayendedwe opita ku Kamuzu Central Hospital ayenera kukhala m'gulu la zolipiridwa. Pamenepo pakufunika Unduna wa Zaumoyo, ndipo lamulo liyenera kuupatsa mpando.