Kapitao wa Zomanga ndi Buku la Brooks

Si cacilendo masiku ano kumva kuti munthu amene anali kuyang'anira amisiri omanga nyumba wasiya njerwa ndi simenti, nalowa nchito yolemba mapulogalamu, ndiwo malangizo amene kompyuta iwatsata. Munthu wotere ataya malo amene anali kulemekezedwapo, nakakhala mlendo pakati pa anyamata omcepera msinkhu. Nkoyenera tsono kuti tiyese bwino mabuku amene amtsogolera pa ulendowo. Limodzi la mabuku ochuka pa nkhaniyi ndilo The Mythical Man-Month, limene Frederick Brooks wa ku Amereka analitulutsa m'caka ca 1975.

Brooks sanalembe za m'maluwa ai. Iye anayang'anira nchito yopanga OS/360, pulogalamu yaikuru ya kampani ya IBM, imene nthawi yina inali ndi anchito oposa 1,000. Nchitoyo inacedwa, nidya ndalama zopitirira zimene anaziyembekeza, ndipo bukuli ndilo kulingalira kwace pa zimene zinacitika.

Ciphunzitso cace cacikuru ndi ici: kuonjezera anthu pa pulogalamu imene yacedwa kale kuicedwetsa koposa. Kwa kapitao wa zomanga mau amenewa amveka ngati misala, pakuti iye adziwa kuti ngalande imene anthu 5 aikumba masiku 10, anthu 10 angathe kuikumba masiku 5. Komatu okumba ngalande safunika kuuzana zambiri. Yense apatsidwa cigawo cace, natenga piki. Olemba pulogalamu sangatero, cifukwa cimene mmodzi alemba cikhudza ca mnzace. Anthu 10 akafuna kumvana awiri awiri, njira za mau zikhala 45. Akakhala 50, njirazo zifika 1,225. Kuonjezera apo, wobwera kumene ayenera kuphunzitsidwa, ndipo womphunzitsayo ndiye mmisiri yemwe uja akadakhala ali kulemba. Pano bukuli ndiliyamikira kopanda kukaika, pakuti licotsa m'mutu mwa kapitao cizolowezi cimene cikadamgwetsa m'mwezi wace woyamba.

Liyeneranso kuyamikidwa cifukwa lilankhula cinenero ca mmisiri. Brooks atenga nkhani ya nsanja ya Babele, naonetsa kuti omangawo sanasowe dothi, kapena anthu, kapena nthawi; cimene cinawathera ndico kumvana. Achulanso chalichi cacikuru ca ku Reims m'dziko la France, cimene mibadwo ingapo ya amisiri inacimanga motsata ganizo limodzi, yense kudziletsa kuti asaikepo zace. Kapitao amene anaonapo woika mapaipi ali kuboola cipupa cimene womanga wangocitsiriza, adzamva nkhani izi msanga kuposa mnyamata wocokera ku sukulu. Apa ndipo pali cuma cimene iye abwera naco: adziwa kuti nchito iri ndi ndondomeko, kuti denga silikwera zipupa zisanaume, ndi kuti tsiku limodzi lotayika lero libala sabata lotayika kutsogolo.

Koma fanizo lomwelo la nyumba ndilo liri ndi msampha, ndipo apa ndipo nditsutsana nalo bukuli. Pomanga nyumba, pulani ilembedwa ndi anthu owerengeka, ndipo ndalama zambiri zipita ku njerwa, zitsulo ndi malipiro a omanga. Maziko akathiridwa, athiridwa. Pa pulogalamu zinthu ziri cozondoka. Kulemba malangizowo ndiko kujambula pulani, ndipo kumanga kweni kweni acita ndi makina m'kamphindi. Brooks mwini aonetsa ici m'ciwerengero cace, pakuti agawa nthawi motere: gawo limodzi la magawo 3 likhale lolingalira, limodzi la magawo 6 lolemba, ndi theka lonse loyesa ndi kukonza zolakwa. Ndani anaona nyumba imene theka la nthawi yace lipita pa kuyesa ngati iri ciriri? Ngakhale ziri tero, bukuli lipitirirabe kunena za wojambula pulani amene alamula ndi omanga amene atsata, ngati kuti pulani ingathe kutha nchito isanayambe. Kapitao wowerenga mosacenjera adzaganiza kuti wafika kwao, nadzakwiya pamene mwini nchito asintha maganizo, osadziwa kuti kusinthako ndiko cikhalidwe ca nchito imeneyi.

Brooks anali munthu woona mtima, pakuti potulutsanso bukuli m'caka ca 1995 anabvomera kuti uphungu wace wina unatsamira pa ganizo lakuti nchito iyenda njira imodzi, kucokera ku pulani kufikira ku mapeto, ndipo anati nkwabwino kuti pulogalamu ikule pang'ono pang'ono. M'caka ca 2001 amisiri 17 anasonkhana ku Utah nalemba mfundo za njira yochedwa Agile, imene ilandira kusintha ngakhale nchito iri pafupi kutha. Cotero wogula bukuli aonetsetse kuti watenga la 1995, ndi kuwerenga mitu yomarizira ndi maso awiri.

Cina cimene cindikaikitsa ndi ciphunzitso cakuti ganizo la pulogalamu licokere m'mutu umodzi kapena iwiri, ena onse nakhala othandiza, monga acitira sing'anga wa opareshoni ndi omzinga. Nzoona kuti cinthu copangidwa ndi maganizo osagwirizana cibvuta kucigwiritsa nchito. Koma makolo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo kapitao wobwera kumene akawerenga mutu umenewu angayesedwe kudziyesa iye mwini mutuwo, cikhalirenico sanalembepo mzere ndi umodzi womwe. Bukuli siliphunzitsa kulemba pulogalamu, ndipo silinena kuti litero. Liphunzitsa kuyang'anira anthu amene ailemba, ndipo palibe mmisiri amvera kapitao wosadziwa kugwira cipangizo.

Tsono inu amene mwatsiriza sukulu, mukaona mkuru wanu kapena mnansi ali kulingalira zosiya zomanga kuti alowe nchito ya kompyuta, mpatseni bukuli, pakuti lidzamsonyeza kuti zaka zace za pa fumbi ndi padzuwa sizinapite pacabe. Koma mumuuzenso kuti asaliwerenge lokha. Ayambe wakhala pansi monga wophunzira, alembe timapulogalamu tating'ono ndi dzanja lace, tilakwe, natikonze, kufikira atazindikira kuti cipupa ca m'kompyuta cimagumulidwa ndi kumangidwanso tsiku limodzi. Akatero, nzeru yace yakale yowerengera masiku ndi kugwirizanitsa amisiri idzampatsa malo a ulemu pakati pa anzace atsopano, ndipo Brooks adzamthandiza kuwasunga.