Luso lomanga bwalo ku Covent Garden

Ku London Transport Museum munthu amalipira pakhomo asanaone kanthu. Akalowa amayenda mwakufuna kwake: apa basi yokokedwa ndi mahatchi, apo injini ya nthunzi ya Metropolitan Railway, njanji yapansi panthaka yomwe inatsegulidwa mu 1863, kutsogoloko mabasi ofiira osanjikizana. Zinthuzo sizinyengerera munthu. Zangoti duu, ndipo mlendo akatopa nazo palibe chimene zitaya. Nyumbayo inali msika wa maluwa, ndipo inasanduka myuziyamu mu 1980, msika wa Covent Garden utasamukira ku Nine Elms mu 1974.

Mukatuluka n'kudutsa pabwalo kuloza kutchalitchi cha St Paul's, mupeza aluso amene zawo n'zosiyana kwambiri. Wamasewera wapamsewu amayamba alibe woonerera ndi mmodzi yemwe, ndipo ndalama imabwera pamapeto, mwinanso osabwera n'komwe. Masewera pamalowa sanayambe dzulo: pa 9 Meyi 1662 Mngelezi wina dzina lake Samuel Pepys analemba kuti anaonerapo sewero la zidole la ku Italy, kholo la chidole chotchedwa Punch, ndipo pakhoma la tchalitchicho pali chikwangwani chokumbutsa zimenezi.

Ambiri amayesa kuti luso la munthuyu ndi kuponya mipeni m'mwamba kapena kupalasa njinga yaitali ya tayala limodzi. Zimenezo zimatha m'kanthawi kochepa. Chovuta ndi kumanga bwalo. Taonani mmene amayambira. Amayala chingwe pansi, n'kutulutsa zida m'sutikesi chimodzichimodzi, mosafulumira, kuti wodutsa adabwe kuti mpeni wautaliwo ndi wachiyani. Anthu angapo akaima amawaitanira pafupi ndi chingwe, ana kutsogolo, chifukwa mwana akakhala pansi kholo silichoka. Kenako amawauza kuti aombe m'manja ndi kukuwa asanachite chilichonse. Limenelo ndi bodza lochenjera: phokosolo limakoka a kutali, amene amabwera akuganiza kuti aphonya zazikulu.

Akatero amasankha bambo mmodzi m'khamumo kuti agwirize njinga. Apa ndi pamene waluso amasiyana ndi wongoyesa. Waluso amaseketsa anthu ndi bamboyo koma osamuchotsa ulemu, moti pobwerera kwa mkazi wake amayenda monyadira. Wosadziwa amamunyoza, ndipo mumaona mzere wakumbuyo ukuyamba kuphwasuka mwakachetechete.

Nanga nkhani ya ndalama amaitchula liti? Asanachite chodabwitsa chomaliza, ali pamwamba pa njinga, mipeni ili m'manja, pamene aliyense akuopa kuphethira. Akadikira kuti amalize, anthu amabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Choncho pempho la chipewa liyenera kukhala gawo la sewero, lokoma ngati nthabwala zinazo. Masiku ano pambali pa chipewapo pamakhalanso kamakina kolipirira ndi khadi, poti ambiri sayendanso ndi makobidi m'thumba.

Chimene ndimadana nacho n'chakuti njirayi yadziwika mopitirira. Osewera pano amayamba ayesedwa kaye asanaloledwe, ndipo aliyense ali ndi nthawi yake, komabe mukaonerera atatu motsatizana mumva nthabwala zofanana, zobwerekana, makamaka zoseka munthu amene akuchoka osapereka. Ena amatalikitsa malonjezo mpaka chodabwitsacho chikafika chimachepa. Mwa atatuwo ine ndingapatse ndalama yanga amene belu la tchalitchi kapena kulira kwa khanda kukamudula mawu, amayankha pomwepo ndi nthabwala imene sanabwere nayo m'sutikesi.